Kompyuta imangozima yokha, tsopano ikukana kuyaka: tiyambire pati?

Funso lachokera kwa bambo wina wa ku Liwonde: "Ndili ndi kompyuta ya patebulo pa kashopu kanga kotayipa ndi kusindikiza makalata. Ndinaigula yogwirapo kale ntchito koma inalibe vuto. Kuyambira mwezi watha imangozima yokha ndili mkati mwa ntchito, osalemba uthenga uliwonse. Poyamba ndikaisiya kanthawi inkayakanso. Pano ndikadina batani, fani imazungulira pang'ono n'kusiya, sikirini ili bii. Mnyamata wina akuti tiifomate, wina akuti bodi yapsa ndigule ina. Muli mafayilo a makasitomala anga. Nditani?"

Pepani kwambiri bambo, chifukwa pa shopu ngati yanuyo kompyuta ikagona ndiye kuti bizinesi yonse yagona. Koma chonde musalole wina aliyense kuifomata. Mukadina batani, choyamba kudzuka ndi power supply, kabokosi kachitsulo kamene mumalowetsapo chingwe cha magetsi kumbuyo kuja. Ikatero bodi, chimbale chachikulu chimene zinthu zonse za mkati zimalumikizidwapo, imalandira moto, kenako BIOS, pulogalamu ya pa bodipo yoyambitsa kompyuta, imayendera purosesa (ubongo wa kompyuta) ndi RAM (memori imene kompyuta imagwiritsa ntchito ikayaka) kuona ngati zili bwino, ndipo ikakhutira m'pamene imapita kukafuna Windows pa disiki. Yanuyo ikufera panjira isanafike n'komwe pa disikiyo. Windows ilibe mlandu pamenepa, ndipo kufomata kungokutayitsani mafayilo a anthu vuto lili pomwepo.

Amene akuti bodi yapsa akhoza kukhala kuti akunena zoona, koma wafulumira. Bodi timaiweruza pomalizira, zina zonse zotchipa zitayesedwa. Mmene mwafotokozeramu, kuti inayamba ndi kuzima mwadzidzidzi, kenako kumafuna kupuma kaye, mpaka kufika pongogwedeza fani n'kusiya, ine ndikuika mtima kwambiri pa power supply. Chachiwiri ndi kutentha, ndipo kawirikawiri ziwirizi zimayendera limodzi: fumbi limatseka mpweya, m'bokosi mumatentha miyezi yambiri, kenako power supply imatopa.

Musanakhudze china chilichonse, pulumutsani mafayilo. Zulani chingwe cha magetsi, tsegulani chivundikiro cha m'mbali, masulani disiki pochotsa zingwe zake ziwiri, chachikulu cha moto ndi chaching'ono cha SATA. Pitani nayo kwa mnzanu amene ali ndi kompyuta ina, ailumikize ngati disiki yachiwiri kapena pa kachingwe kosinthira SATA kupita ku USB, mukopere zonse pa flash kapena disiki ina inu muli pomwepo. Ikafunsa nambala ya BitLocker, loko amene Windows imakhomera disiki, imeneyi ndi nambala ya manambala 48 imene kawirikawiri imasungidwa mu akaunti ya Microsoft yomwe inalowetsedwa pa kompyutayo. Musavomere uthenga uliwonse wonena kuti disikiyo ifomatidwe kuti iwerengeke. Mafayilo akakhala pabwino, zotsalazi mungazichite mtima uli m'malo.

Yambirani kunja kwa bokosi, pamene anthu ambiri amadumpha. Ikani kompyutayo pa soketi ya pakhoma mwachindunji, osadzera pa ekisitenshoni kapena UPS, kabokosi ka batire kopereka moto magetsi akathima. Ekisitenshoni zambiri zotchipa zimakhwepa mkati, ndipo pulagi ikangosuntha pang'ono moto umaduka. UPS nayo batire yake ikatha, kawirikawiri pakapita zaka ziwiri kapena zitatu, imatha kudula moto magetsi akangophethira. Sinthaninso chingwe cha magetsi; n'chimodzimodzi ndi cha monita kapena ketulo zambiri, ndipo m'pulagi yake ya mano atatu muli fyuzi yomwe imapsa kapena kukhwepa. Popeza muli ndi makina osindikizira, onaninso ngati pulinta ya laser kapena fotokope ili pa ekisitenshoni imodzi ndi kompyuta. Makina amenewa akamatenthetsa chitsulo chomatira inki ya ufa pa pepala amakoka moto wambiri nthawi imodzi, moti power supply yofooka imagonja nthawi yomweyo. Ngati mukukumbukira kuti kompyuta inkakonda kuzima mukangotumiza pepala kuti lisindikizidwe, chizindikiro ndi chimenecho. Pulinta ya laser isamakhalenso pa UPS yaing'ono.

Kumbuyo kwa power supply zina zakale kuli kaswitchi kofiira kolembedwa 115 ndi 230. Magetsi a kuno ndi 230, choncho kakhale pa 230. Musakasunthe poyesa mwayi, chifukwa pa 115 power supply imaphulika mukangolumikiza.

Kenako zulani chilichonse cha USB: pulinta, flash, kiyibodi, mausi, zonse. Tengani tochi muunike m'mabowo a USB, makamaka akutsogolo amene makasitomala amalowetsamo ma flash awo tsiku lonse. Kapulasitiki ka pakati kakathyoka, timawaya tachitsulo timapindika n'kugundana, ndiye power supply imadziteteza pozima. Mabodi ena amachita kulemba pa sikirini kuti USB yakoka moto wopitirira muyezo ndipo kompyuta izima pakapita masekondi 15, koma ambiri amangoti zii. Bowo lotero mukalipeza, zulani chingwe chake pa bodi mkatimo, musaligwiritsenso ntchito. Zonse zili chozula chomwecho, chotsani chingwe cha magetsi, dinani batani loyatsira osasiya kwa masekondi 30 kuti moto wotsalira uthe, lumikizaninso, yesani. Makompyuta ena amadzuka ndi zokhazi, makamaka amene anafa magetsi atathima.

Ikakana, tiyeni mkati. Chingwe chikhale chozula, ndipo muzigwira chitsulo cha bokosilo kaye musanagwire bodi kapena RAM. Power supply yeniyeniyo musaitsegule ngakhale pang'ono. Mkati mwake muli ma capacitor akuluakulu amene amasunga mavoti opitirira 300 ngakhale mutazula pakhoma, ndipo akhoza kukuvulazani koopsa.

Musafulumire kumasula zinthu. Yang'anani kaye ndi kununkhiza. Fungo la pulasitiki wopsa likachokera pa mabowo a power supply, nkhani yatha, imeneyo ndiyofunika kusintha. Unikaninso m'mabowomo, chifukwa mphemvu, nyerere ngakhale nalimata amakonda kufunda kwa mmenemo ndipo amagundanitsa moto. Pa bodi, pafupi ndi purosesa, muona timigolo ting'onoting'ono toima chilili, tina tili ndi mzere wa mtanda kapena chilembo cha K pamwamba. Amenewo ndi ma capacitor. Pamwamba pake pazikhala pafulati. Kamodzi kakatupa, kapena kakatuluka zinthu zofiirira zouma ngati dzimbiri, bodiyo ikudwala, ndipo zizindikiro zake n'zofanana ndendende ndi zanuzi. Apa sikuti mugule bodi ina msanga: munthu wodziwa kuwotcherera tizipangizo pa bodi ndi solder, ngakhale wokonza mawailesi ndi ma TV waluso, amatha kusintha timigolo timeneti ndi tina ta mlingo womwewo.

Tsopano yang'anani chitsulo cha mipatamipata chimene chakhala pamwamba pa purosesa, pansi pa fani. Kompyuta ikakhala pansi m'shopu ya m'mbali mwa msewu, pakati pa fani ndi chitsulocho pamagwirana fumbi lochindikala ngati bulangete, lomwe mukalitsina ndi zala limasendeka lonse kamodzi. Fani imazungulira ndithu, phokoso n'kumamveka, koma mpweya sudutsa. Purosesa za Intel zambiri zikafika pafupi ndi madigiri 100 zimayamba kudzichepetsera liwiro, ndipo kutentha kukapitirirabe zimadula moto kuti zisapse. Kuzima kwake kumakhala kopanda uthenga, monga mmene munkaoneramo. Ndi kutentha kwa ku Liwonde mu Okutobala ndi Novembala, mpweya wolowa m'bokosi umakhala wotentha kale, choncho fumbi lochepa chabe limakwanira. Chotsani fumbilo ndi bulashi yofewa youma kapena blower, mutagwira fani ndi chala kuti isazungulire mothamanga. Musauzire ndi pakamwa, malovu amagwera pa bodi.

Gwedezani chitsulocho pang'ono ndi dzanja. Chisamasunthe. Mafani a Intel amene amabwera ndi purosesa amagwira ndi timiyendo tinayi tapulasitiki tokanikiza, ndipo tikakalamba timathyoka kapena kuzuka, makamaka kompyuta ikayenda pa minibasi kapena pa njinga. Mwendo umodzi ukazuka, chitsulo chimapendekeka, ndipo purosesa imatha kutentha m'masekondi ochepa. Mukachichotsa, mupeza phala lotuwa pakati pake ndi purosesa, lomwe amati thermal paste. Likauma n'kumanyenyeka, pukutani mbali zonse ziwiri ndi kansalu konyowetsa ndi sipiriti, dikirani paume, ikani kadontho kamodzi katsopano ka mamilimita 4 kapena 5 pakati, bwezerani chitsulo pokanikiza miyendo yoyang'anizana. Pali ena amapakapo mankhwala otsukira mano. Musavomere, amauma msanga ndipo vuto limabwerera. Onetsetsaninso kuti kachingwe ka fani kalowa pamene palembedwa CPU_FAN, chifukwa mabodi ena akapanda kumva fani amakana kupitiriza.

Pali njira yosavuta yosiyanitsira kutentha ndi power supply. Yesani kuyatsa m'mamawa kompyuta itagona usiku wonse. Ikayaka n'kugwira mphindi 10 kapena 20 isanazime, ndipo mukayatsanso nthawi yomweyo n'kuzima msanga kuposa poyamba, ganizirani za kutentha. Ikazima pa sekondi imodzi kapena ziwiri ili yozizira, chitsulo cha purosesa chili chogwira bwino, ndiye kuti vuto la lero ndi la moto: mwina power supply ikulephera kukweza mavoti, kapena pali chinthu chikugundanitsa moto ndipo ikudziteteza. Werenganinso masekondi ake. Ikamazima nthawi zonse pakatha masekondi anayi kapena asanu, kayikirani batani loyatsira. Likamatirira mkati, bodi imaona ngati munthu walidina osasiya, ndipo kudina kwa masekondi anayi ndi lamulo loti kompyuta izime. Tsatirani timawaya tiwiri tochokera ku batani mpaka pa bodi pamene palembedwa PWR_SW kapena PW, zulani, kenako gundanitsani timano tiwirito kamodzi ndi nsonga ya sikuludiraiva. Ikayaka n'kukhala, vuto linali batani basi.

Zikakanika zonsezi, ivuleni kompyutayo itsale ndi zofunika zokha: power supply, bodi, purosesa ndi fani yake, RAM imodzi, ndi chingwe cha sikirini cholowa pa bodi. Disiki, DVD, khadi la zithunzi ngati lilipo, zonse zizulidwe. Kanikizani bwino chingwe chachikulu cholowa pa bodi, komanso china cha mano anayi kapena asanu ndi atatu cha pafupi ndi purosesa. Chimenechi chikakhwepa fani imangogwedezeka n'kusiya, ndipo mukachizula muone ngati pulasitiki yake yada ndi moto. RAM ichotseni, pukutani mano ake agolide ndi labala ya pensulo mopepuka, sasani zinyenyeswa, bwezerani mpaka timaloko ta m'mbali titseke tokha. Ngati zilipo ziwiri, yesani iliyonse payokha, m'mpata uliwonse. Kompyuta ikayaka ili yovulidwa chonchi, bwezerani zinthu chimodzichimodzi, mukuzima kaye nthawi iliyonse, mpaka mupeze chomwe chikuigwetsa. Musasinthe zinthu ziwiri nthawi imodzi, chifukwa ikadzuka simudziwa chimene chathandiza, ndipo mukhoza kulipira chinthu chomwe chinalibe vuto.

Yesaninso kuyatsa mulibe RAM ngakhale imodzi. Bodi yamoyo, ngati ili ndi kasipika, imalira kudandaula. Makompyuta a Dell amaphethiritsa kuwala kwachikasu pa batani mwa kawerengedwe kake, ndipo a HP amaphethira ndi kulira. Werengani kuti yaphethira kangati, lembani, mufufuze m'buku la mtundu wanuwo pa intaneti, poti tanthauzo limasiyana malinga ndi mtundu. Bodi ikadandaula za RAM, ndiye kuti ikulandira moto ndipo ikuganiza. Amene anati yapsa ayambe wadikira.

Tifike pa power supply. Ngati ndi ya mtundu wamba wa ATX, ya chingwe cha mano 24, mungaiyese payokha. Izuleni ku bodi ndi ku zinthu zonse. Pa chingwe chachikulucho muli waya mmodzi yekha wobiriwira. Pindani kawaya kopanira mapepala, lowetsani mbali imodzi pa wobiriwirayo, ina pa waya wakuda uliwonse, kenako lumikizani pakhoma. Fani yake izungulire osasiya. Ikapanda kuzungulira, kapena ikagwedezeka n'kuima monga ikuchitira panopa, mwaipeza. Ngati pali multimeter, kachipangizo koyezera mavoti, ikani nsonga yakuda pa waya wakuda n'kuyeza: waya wachikasu upereke pakati pa 11.4 ndi 12.6, wofiira pakati pa 4.75 ndi 5.25, wa olenji pafupi ndi 3.3, ndipo wapepo upereke 5 nthawi zonse ngakhale kompyuta ili yozima. Waya wapepoyu ndi amene amadyetsa mbali ya bodi yodikirira batani, ndipo akafooka kompyuta imavuta kudzuka.

Koma kuyesa kumeneku kumangotsimikizira power supply yakufa, sikutsimikizira yamoyo. Yotopa imatha kuonetsa manambala abwino ilibe katundu, n'kugwa purosesa ikangokoka moto. Kuyesa kumene ndimakukhulupirira ndi kubwereka ina yomwe ikugwira ntchito pa kompyuta ina, kuilumikiza ngakhale ili kunja kwa bokosi, n'kuona. Wokonza makompyuta aliyense wolongosoka amakhala nayo ya ntchito imeneyi. Muuzeni achite zimenezi inu mukuona musanakambirane mtengo wa bodi.

Mwati munaigula yogwirapo kale ntchito, ndiye mwina ndi imodzi mwa Dell OptiPlex, HP ProDesk kapena EliteDesk, kapena Lenovo ThinkCentre zochokera m'maofesi akunja, zomwe zadzaza m'mashopu ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Zambiri mwa izi, makamaka zopyapyala zija, sizigwiritsa ntchito chingwe cha mano 24. Zili ndi chawochawo cha mano ochepa, ndipo mitundu ya mawaya ilibe tanthauzo lomwe ndafotokozali, choncho za kawaya kopanira mapepala zija musaziyese pamenepo. Ma OptiPlex ambiri ali ndi kabatani kakang'ono ndi kagetsi kumbuyo kwa power supply. Mukakadina, kagetsi kobiriwira kayake ndipo fani izungulire. Kakapanda kuyaka, zulani zingwe zake zonse ku bodi mudinenso: kakayaka tsopano, pali chinthu china chimene chikugundanitsa moto, kakakanabe, power supply yafa. Pogula ina, jambulani sitika yake ndi foni, mufune ya nambala yomweyo kapena yochotsedwa pa kompyuta ya mtundu womwewo. Musakopeke ndi mawatsi ambiri olembedwa pa bokosi. Makompyuta a muofesi amenewa amachokera ku fakitale ndi power supply za mawatsi a pakati pa 180 ndi 320, ndipo zimakwanira. Ine ndingasankhe yakale yeniyeni ya Dell kapena HP kusiyana ndi yatsopano yopanda dzina, yopepuka m'manja, yolembedwa 500.

Kabatire kozungulira kasiliva ka pa bodi, ka CR2032, ndi ka mavoti atatu ndipo kamapezeka kwa ogulitsa mabatire a mawotchi. Ngati kompyuta inkasokoneza tsiku ndi nthawi magetsi akathima, kanatha kalekale. Kachotseni kwa mphindi zingapo chingwe chili chozula, ikani katsopano. Izi zimabwezera BIOS mmene inachokera ku fakitale, ndipo nthawi zina zimadzutsa kompyuta yomwe inasokonezeka. Zikhozanso kusintha mmene bodi imalankhulira ndi disiki, pakati pa AHCI ndi RAID, moti Windows imakana kutseguka n'kuonetsa sikirini yabuluu yolembedwa INACCESSIBLE_BOOT_DEVICE. Zikatero musachite mantha ndipo musafomate. Lowani mu BIOS, pezani SATA Operation kapena SATA Mode, sankhani inayo.

Ikadzuka, musaibwezere pa ntchito tsiku lomwelo musanaiyese. Ikani pulogalamu yaulere ya HWiNFO kapena HWMonitor muone kutentha kwa purosesa. Ikangokhala osagwira ntchito yolemetsa, madigiri a pakati pa 30 ndi 50 ndi abwino; ikamakwera kupitirira 90 mukungotayipa, fani kapena phala lija silinakhale bwino. CrystalDiskInfo ikuuzani za thanzi la disiki, ndipo izi n'zofunika chifukwa kuzima mwadzidzidzi kwa mwezi wathunthu kumavulaza disiki, makamaka zozungulira zija. Ikalemba Caution, konzekani kusintha. RAM iyeseni ndi Windows Memory Diagnostic kapena MemTest86 usiku wonse. Mu Event Viewer, mmene Windows imalembamo zochitika za pa kompyuta, mupeza uthenga wa Kernel-Power wa nambala 41 wobwerezabwereza. Ena amauwerenga ngati umboni wakuti power supply ndi yoipa, koma umangonena kuti kompyuta inazima mosatsata dongosolo, sunena chifukwa chake. Ntchito yake kwa inu ndi kuonetsa masiku ndi maola, kuti muone ngati kuzimako kunkachitika masana dzuwa likuswa mtengo kapena nthawi yosindikiza.

Power supply yatsopano nayo idzafa msanga ngati chomwe chinapha yakaleyo chikadalipo. Kwezani bokosilo lichoke pansi, musalitsekere m'kabati kapena kuliunjikira mapepala pa mabowo ake, ndipo muzichotsa fumbi kumayambiriro kwa nyengo yotentha. Magetsi akathima zimitsani pakhoma, ndipo akabwera dikirani mphindi zingapo akhazikike. Kukachita ziphaliwali zulani, pamodzi ndi chingwe cha netiweki. Ngati mumagwiritsa ntchito jenereta yaing'ono, iyambe yalira n'kukhazikika musanalumikize kompyuta, ndipo muzime kompyuta mafuta asanathe. UPS yokhala ndi AVR, yomwe imawongola mavoti akatsika kapena kukwera, ndi yothandiza kwambiri pa shopu ngati yanu.

Ngati mwayesa power supply ina yabwino, RAM ina yabwino, batire yatsopano, zonse zili zozula, koma ikungogwedeza fani n'kusiya, pamenepo m'pamene tinganene kuti ndi bodi, poti purosesa sizifa kawirikawiri. Musanagule bodi, onani zaka za kompyutayo. Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imafuna purosesa za Intel za m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, monga i5-8500. Ngati yanu ndi ya i3 kapena i5 ya m'badwo wachiwiri, wachitatu kapena wachinayi, ndalama ya bodi ndi bwino muiwonjezere mugule bokosi lina la m'badwo wa 8, disiki yakaleyo muiikemo ngati yachiwiri. Monita, kiyibodi, mausi ndi pulinta zanu zigwirabe ntchito pa bokosi latsopanolo.